Chaka Chimene Tinasambira Pouma

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anapita ku Mangalande kukaphunzira, nabwerako ndi masuti ndi maudindo, pamene ine ndinapuma ntchito ndili ndi wezulo yemweyo m'khosi. Mayi anu amakuyankhani kuti vuto ndi kuuma mutu kwanga. Sanama, koma nkhaniyo amaidula pakati. Popeza maso akuonabe ndipo dzanja likugwirabe cholembera, ndati ndiilembe ndekha pano pa Chifubu, mu Ndola, kuti mukamandiweruza muweruze nkhani yathunthu. Ndinene poyambirira pomwe kuti sindikupepesa kwa munthu aliyense.

1962, Kitwe

Ntchito yanga yoyamba inali ya ku mgodi, koma pansi sindinatsikeko. Amalume amene anandiitanitsa kuchokera kwathu ku Petauke anandipereka kwa mzungu woyang'anira zamasewera, Bwana Gireyi, munthu wamtali, wofiira khosi, amene ankayenda ngati wachedwa ngakhale palibe kumene akupita. M'mawa ndinkapopa mipira ndi kuthira laimu m'mizere ya bwalo. Masana ndinkapalasa njinga kupita ku Nkana East, ku kalabu ya azungu, kukasamalira dziwe lawo losambiramo. Ndinkavuula masamba ndi kaukonde komangirira kunsungwi, kukwecha ndere m'mbali, ndi kuthira mankhwala amene ankandiwawitsa maso mpaka madzulo. Madzi amenewo ndinkawasamala ngati mwana, koma phazi langa silinkaloledwa kuwakhudza. M'dziwemo ndinkalowa pokhapokha akalikhuthula kuti nditsuke pansi.

Kusambira ndinkakudziwa kale, kwa ku Luangwa kuja, kongopalasa ngati galu bola ufike tsidya. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kusambira kumaphunzitsidwa monga aphunzitsira masamu. Kunali dona wina amene ankabwera ndi tiana ta azungu. Asanalowetse tianato m'madzi ankatigoneka chafufumimba pa benchi, kutiponyetsa miyendo, kutipalasitsa manja m'malere, kenako kutiviikitsa nkhope kuti tizitulutsa mpweya ndi mphuno. Ine ndinkasesa malo amodzi mpaka simenti kuwala, maso ali pa iye. Bwana Gireyi anandigwira tsiku lina, koma m'malo mokalipa anaseka, ndipo chaka chotsatira ndi iye amene ananditumiza ku maphunziro a miyezi ingapo a uphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Izi ndikulemba kuti ndisamudyere chilungamo chake. Munthuyu sanali chilombo. Vuto lake linali lakuti ankakonda munthu wakuda mmodzimmodzi. Tikangochuluka, nkhope yake inkasintha.

1965, ku koleji

Ufulu utabwera, boma linafuna mainjiniya ndi amisiri athuathu mwachangu, chifukwa mkuwa unkagulidwa ngati nyama ya pa Khirisimasi ndipo migodi inkasowa anthu. Anatsegula koleji ya zaumisiri mu Kitwe momwemo, ndipo ine anandilemba kuti ndiziphunzitsa masewera olimbitsa thupi kwa ophunzira a chaka choyamba. Tinapeza nyumba ku Kamitondo, mayi anu ali ndi pakati pa iwe Esnart. Lamlungu ku tchalitchi chathu cha anthu a kum'mawa akuluampingo anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri, ati aphunzitsi a ku koleji, ngakhale ena ankanong'ona kuti munthu wamkulu amalandira bwanji malipiro chifukwa chodumphadumpha atavala kabudula.

Ophunzira atsopano ndiwo anali anthu anga, ndipo ndinkawakonda kuposa akatswiri. Ankafika ndi masutikesi a malata, ena kuchokera ku Chipata, ena ku Kasama, ena ku Mongu, onse oyamba m'banja mwawo kuponda pa koleji, onse odzimva kuti ndi mabwana kale. Tsiku loyamba ena ankabwera ku bwalo atavala tayi. Wina anandiuza mwaulemu kuti iye anabwera kudzaphunzira zamagetsi, osati kudzatuluka thukuta ngati wa kumunda. Ndinamuyankha kuti mtengo wamagetsi sakwera ndi satifiketi, ndipo anathamanga ndi anzake. Ndinkayamba nawo pansi penipeni: kupuma bwino pothamanga, kugwa osathyoka dzanja, kuwakha mpira osatsinzina. Pakatha miyezi iwiri munthu amene ankayenda mokhota ngati wasenza mtolo ankayamba kuyenda chilili, ndipo ine mtima unkakhala m'malo.

Zipangizo ndiye kunalibe. Malire a kum'mwera atatsekedwa, petulo anasowa, katundu wochokera kunja anasowa, mipira inasowa. Tinkasoka mpira umodzi mpaka zigamba kuchuluka kuposa chikopa chake. Zitsulo zonyamula tinapanga ndi zitini za penti zothiramo simenti. Mkulu wa koleji, Ba Chanda, Mbemba wophunzira bwino ndi wolankhula mofatsa, analibe nazo ntchito zimenezi. Iwo mtima wawo unali pa timu ya mpira. Ankafuna chikho mu kabati ya mu ofesi yawo kuti alendo ochokera ku Lusaka azichiona, ndipo kangapo konse anandiuza kuti ndisamataye nthawi ndi anthu a miyendo iwiri yakumanzere, ndisankhe odziwa kale ndilimbikire amenewo. Ndinkayankha kuti ndamva, n'kubwerera kwa a miyendo yakumanzere aja. Timu inkawinabe, choncho tinkapirirana.

1967, nthawi ya mvula

Ophunzira atsopano a chaka chimenecho atangokhala milungu yochepa, anzawo akale anawatenga Loweruka lina kupita kukacheza ku damu kunja kwa tauni. Ine sindinapite, ndinali ku maliro ku Kamitondo. Pakati pawo panali anyamata awiri a ku Chadiza ogona chipinda chimodzi: Fackson Lungu, wamfupi ndi wanthabwala, ndi Dickson Mwale, chimunthu chachitali cha manja ngati mafosholo, amene ndinali nditamuika kale pagolo la timu ya koleji. Fackson anavula nsapato, nalowa m'madzi ofika m'mawondo kuti anzake amujambule. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti chithunzi chikome, ndipo pamenepo panali phompho. Anamira pamalo oti munthu wodziwa akanangotambasula dzanja. Pagombe panali anyamata ochuluka, ophunzira, amphamvu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira. Dickson analowa mpaka m'chiuno, madzi atamugunda pamimba anauma thupi lonse, nangoima akuona mnzake akupita.

Bambo ake a Fackson anabwera ndi basi patapita masiku awiri. Popeza ndinali wa kwawo, Ba Chanda anandituma kuti ndikawalandire ndi kuwaperekeza ku chipatala kukaona thupi. Anali munthu wokalamba, wovala jekete yobwereka, ndipo sanalire. Titatuluka tinakhala pansi pa mtengo, ndipo anandifunsa ntchito yanga pa kolejipo. Ndinawafotokozera kuti ndimaphunzitsa ana kusamala ndi kulimbitsa matupi awo. Anatembenuza chipewa m'manja.

"Ndiye kuti mwana wangayu anadutsa m'manja mwanu, aphunzitsi?"

Ndinavomera.

"Munam'phunzitsa chiyani?"

Sanafunse mwaukali. Ankafunadi kudziwa, kuti akanene kumudzi. Ndinawauza kuti ndinamuphunzitsa kuthamanga ndi kudumpha chingwe, ndipo anagwedeza mutu nandithokoza. Kuthokoza kumeneko kunandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinakwiya, ana anga, ndipo mkwiyo umenewo sunandichoke chaka chonse. Mu Kitwe munali dziwe labwino, loyera, lakuya mbali imodzi ndi losaya mbali ina, lomangidwira ndendende kuphunzitsiramo anthu, ndipo ine ndinali nditalitsuka ndi manja angawa.

Lolemba lake ndinapalasa njinga kupita ku Nkana East. Bwana Gireyi tsopano anali mlembi wa kalabu ija, ndipo anandilandira bwino, mpaka kundipatsa mpando. Chikwangwani chakale chothamangitsa anthu akuda anali atachichotsa. Pachipata panali china chatsopano, chonena kuti aliyense wokhala m'tauni angathe kusambira m'dziwemo, malinga ayambe wakhoza mayeso osambira kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo mayesowo amachitika Loweruka lililonse masana. Ndinamupempha kuti andibwereke mbali yosaya m'mawa, pamene kulibe anthu, ndiphunzitsiremo ophunzira anga. Anati lamulo silimulola: wosadziwa kusambira salowa m'madzi, kuopa ngozi. Ndinamufunsa kuti nanga munthu aphunzirira kuti, popeza dziwe m'tauni ndi lomweli. Anatambasula manja nati limenelo si funso la kalabu. Kenako anandiuza kuti ineyo payekha andilembetsa tsiku lomwelo popanda mayeso, chifukwa amandidziwa. Ndinamuthokoza, ndinaimirira, ndipo mpando wake ndinaubwezera pamene unali.

1967, nthawi yozizira

Ndinabwerera ku koleji ndi nzeru ya dona uja. Tinatulutsa mabenchi a m'chipinda chodyera n'kuwandandalika pabwalo. Ndinagoneka anyamata chafufumimba, miyendo ili lende kumbuyo, n'kuyamba kuwaponyetsa ndi wezulo. Kukhitchini ndinabwereka mabeseni otsukira mbale, aliyense kugwada patsogolo pa beseni lake, kuviika nkhope, kutulutsa mpweya, kutembenuza mutu, kukoka wina. M'mwezi wa June madzi a m'beseni amaluma, ndipo anyamatawo ankanditukwana m'zilankhulo zonse za dziko lino. Ophunzira akale ankaima pakhonde kuseka mpaka kugwira m'mimba. Anandipatsa dzina lakuti Ba Nsomba, ndipo linandikakamira mpaka ku tchalitchi. Mayi anu anandiuza kuti amayi a chigwirizano akufunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino, ndipo iwo anawayankha kuti sunayendepo bwino chikwatirane.

Ku damu sindikanawatenga. Koleji inaletsa, ndipo nanenso sindikanaika ana a eni m'madzi akuda osaoneka pansi. Choncho tinalimbikira pouma. Amene ankandidetsa nkhawa anali Dickson. Pa benchi ankapalasa bwino kuposa onse, koma beseni ankaliopa. Ankagwada, kuyang'ana madziwo, thukuta kutuluka m'nyengo yozizira, n'kudzuka kupita. Usiku sankagona, ndipo pagolo anayamba kulowetsa mipira yoti mwana akanagwira. Sindinamukakamize. Ndinkangomuikira beseni lake tsiku lililonse pambali pa anzake. Tsiku lina onse atapita anatsalira, nandiuza akuyang'ana kumbali kuti, "Ba Ticha, nikaika nkhope mu manzi nimamuona Fackson." Ndinamuuza kuti ndikudziwa, ndipo kuti beseni lidzakhalapo mawa. Kunali kotentha kale pamene anaviika nkhope koyamba, ndipo atadzuka sindinadziwe ngati anali madzi okha amene ankatsika m'masaya mwake.

Nthawi yomweyo Ba Chanda anandiitana ndi nkhani yabwino. Boma linkatumiza aphunzitsi a masewera ku Mangalande kwa chaka chathunthu, ndipo iwo anali atapereka dzina langa. Ndisaname, ndinakondwa kwambiri. Ndinagula sutikesi ku Ndola, ndipo mayi anu anayamba kundilukira juzi. Potuluka mu ofesimo Ba Chanda anawonjezera, ngati akukumbukira kanthu kakang'ono, kuti masewera a mabenchi aja akuchititsa manyazi koleji, ndipo goloyi wawo, Dickson, akuwonongeka. Iwo anali atangolandiridwa kumene kukhala membala wa kalabu ija, mmodzi mwa anthu akuda oyambirira, ndipo ankapitako madzulo atavala tayi.

October 1967

Dzuwa litafika poswa mtengo ndinaona kuti pouma taphunzira zonse zimene pouma pangaphunzitse. Ndinawerenganso chikwangwani chija. Sichinkanena kuti wobwera ku mayeso akhale wodziwa kale, ndiponso sichinkanena kuti wolephera asabwerenso. Ndinatumiza uthenga kwa Bwana Gireyi, mwaulemu wake, kuti Loweruka ndikubwera ndi ophunzira anga onse a chaka choyamba kudzayesedwa. Petulo wa lole kunalibe, choncho tinayenda wapansi, mzere wautali wa anyamata a makabudula ndi matawulo m'khosi, kudutsa m'misewu ya Nkana East, agalu akuuwa kuseri kwa mipanda ya maluwa. Mlonda wa pachipata anali mnzanga wakale wa ku Katete. Anandiyang'ana, nayang'ana mzerewo, nati, "Ba Tembo, muzanichosesa nchito imwe." Koma chipata anatsegula, chifukwa linali Loweruka masana.

Titazungulira nyumba ya kalabu tinapeza dziwe lili gwa, louma. Analikhuthula usiku wake. Pansi pake pankawala ndi dzuwa, ndipo pamakwerero anapachika kachikwangwani konena kuti akukonza. Ine amene ndinalitsuka dziwe limenelo zaka zitatu ndinayang'ana ponseponse, ndipo panalibe mng'alu ngakhale umodzi. Bwana Gireyi anatuluka pakhonde, nandiuza mwachisoni kuti ndasankha tsiku loipa, ndiyesenso m'tsogolo. Kumbuyo kwake kunali azungu ndi akazi awo atagwira matambula, akudikira kuti ationere tikubwerera. Anyamata anga anagwetsa nkhope. Ndinamva mmodzi akunena chapansipansi kuti tiyeni tizipita, atiseka mokwanira.

Pamenepo m'pamene magazi anandithamanga. Ndinafunsa Bwana Gireyi ngati lamulo lake likuletsa wosadziwa kusambira kulowa m'madzi. Anati inde. Ndinamufunsa ngati m'dziwemo muli madzi. Ndinavula nsapato, ndinatsika makwerero, ndinaima pakati pa dziwe n'kuliza wezulo. Dickson ndiye anayamba kutsika, enawo n'kutsatira. Anayala matawulo pansi chifukwa matailosi ankawotcha, nagona chafufumimba m'mizere, ndipo tinayamba phunziro lathu la masiku onse: miyendo, manja, kutembenuza mutu, kupuma. Pakhonde paja anaseka poyamba, kuseka kwenikweni. Ife tinapitiriza. Kusekako kunayamba kuchepa, kenako kunatha, ndipo kunangotsala wezulo wanga ndi kupuma kwa anyamata. Operekera zakumwa, anthu akuda anzathu, anaima ndi mathireyi m'manja osasuntha. Titamaliza tinapinda matawulo, ndinathokoza Bwana Gireyi chifukwa cha malo, ndipo ndinamuuza kuti tionana Loweruka.

Loweruka lotsatira tinapezanso pouma, ndipo tinasambiranso pouma. Lotsatiranso chimodzimodzi. Koma dziwe lalikulu chotero silidzaza tsiku limodzi, ndipo sakanatha kumalidzaza Lolemba n'kulikhuthula Lachisanu mlungu uliwonse. Choncho linangokhala louma mlungu wonse, m'mwezi wotentha kuposa yonse, ndipo ana a mamembala ankalira m'nyumba. Mlonda uja ankandiuza kuti madona ayamba kukalipira amuna awo, ndipo misonkhano ya komiti ikutha ndi kumenya matebulo. Anthu a ku Kamitondo anamva, ndipo ena anayamba kutiperekeza mpaka pachipata kudzaonerera pampanda. A kalabu sakanaitana apolisi, chifukwa palibe lamulo limene tinaswa. Anaitana Ba Chanda.

Ba Chandawo anandiitanitsa Lolemba m'mawa, natseka chitseko okha. Sanakalipe. Anandifotokozera kuti akuluakulu a mgodi amene amakhala mu komiti ya kalabu ndi omwewo amene amapatsa koleji makina ndi kulemba ntchito ophunzira athu, ndipo kuti zinthu izi zimasintha pang'onopang'ono, munthu akalowa m'kati n'kumalankhula nawo bwino, monga ankachitira iwo. Mwina ankakhulupiriradi zimenezo. Kenako anafika pa mfundo.

"Ba Tembo, mukwai, dzina lanu likali pa tebulo panga. Mukapitako futi pa Loweruka, nizalichosapo. Ganizani bana banu."

Ndinawafunsa ngati iwowo amasambira akapita ku kalabuko. Anayang'ana pawindo nati amapitako kukacheza. Ndinadziwa pamenepo kuti nawonso sadziwa kusambira, ndipo m'dziwemo sanaikemo phazi. Ndinawauza kuti akafuna abwere Loweruka, thawulo ndiwabwereka. Zimenezo sindikanayenera kunena, koma zinatuluka, ndipo mpaka lero sindinazibweze.

Madzulo ndinawauza mayi anu zonse. Ndinaganizadi za inu, monga anandiuzira Ba Chanda. Ndinkadziwa kuti wobwera ku Mangalande amapatsidwa nyumba ya magetsi ndi udindo, ndipo kuti mwayi wotero subwera kawiri kwa mwana wa ku Petauke amene anayamba ndi kuvuula masamba. Ndinkaufuna ulendo umenewo, ndinkaufuna kwambiri. Mayi anu anapitiriza kuluka osandiyang'ana, kenako anandifunsa ngati ndingathe kukakhala chaka chathunthu kutsidya kwa nyanja ndikudziwa kuti ana aja ndawasiya pa benchi. Ndinati sindingathe. Anati, "Nanga mukundifunsiranji, atate ake Esnart? Juziyi mudzavala mu June konkuno."

November 1967

Tinapita Loweruka limenelo, ndipo tisanazungulire n'komwe nyumba ya kalabu ndinamva fungo la mankhwala aja. Dziwe linali lodzaza mpaka m'milomo. Amuna a m'komiti anagonja kwa akazi awo, osati kwa ine, koma zimenezo sizinandikhudze. Bwana Gireyi anaima m'mbali ndi nkhope yolimba, nati popeza tikufuna mayeso, tiyesedwa, mmodzimmodzi, ndipo wogwira khoma kapena kuponda pansi walephera. Ndinatenga nsungwi yanga yakale ija ya kaukonde, imene inali pamalo ake pomwe ndinkaisiya, n'kuima nayo m'mbali kuti womira agwire.

Musaganize kuti anyamata anga anawoloka ngati nsomba. Analephera onse. Madzi si benchi. Wina anangolowa n'kuiwala zonse, wina anapalasa bwino koma osasuntha, wina anamwa madzi okwanira kuphikira. Ndinkawavuula ndi nsungwi mmodzimmodzi akutsokomola, ndipo pakhonde kuseka kunabwerera. Koma aliyense wa iwo anali atakhala m'madzi enieni kwa kamphindi, ine ndikuyenda pambali pake ndikumuuza chochita, ndipo kamphindi kameneko ndi kamene ndinkapempha kuyambira pachiyambi. Womaliza atatuluka ndinauza Bwana Gireyi kuti tibweranso Loweruka kudzalepheranso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti m'pamene anazindikira kuti mayeso ake asanduka kalasi yanga, ndiponso kuti woyang'anira kalasiyo Loweruka lililonse, padzuwa, ndi iyeyo.

Ba Chanda anasunga mawu awo. Dzina langa linachotsedwa, ndipo ku Mangalande kunapita mnzanga wina wophunzitsa mpira, munthu wabwino amene sindinamusungire chakukhosi. Anawonjezera china chimene sanandichenjeze: anandisamutsira ku sukulu ina ku Ndola kuyambira January. Sutikesi imene ndinagulira ulendo wa pandege inakwera lole ndi mapoto. Koma Loweruka lililonse limene linatsala chaka chimenecho tinapita, mvula kaya dzuwa, ndipo mlungu ndi mlungu nsungwi inkachepa ntchito. Anayamba kuwoloka mmodzi, kenako atatu, kenako ambiri, ndipo aliyense wowoloka anali ndi ufulu wolowa tsiku lililonse ndi kuima m'mbali yosaya kugwira mnzake pamimba pa mayeso ake. Pamenepo sizikanathekanso kuzibweza, ngakhale ine nditachoka.

Dickson ndiye anatsalira. Milungu yonseyo ankatsika makwerero, madzi akamufika pamimba n'kuuma monga anaumira ku damu, kenako n'kutuluka. Loweruka langa lomaliza kunagwa mvula yamawawa, ndipo pakhonde panalibe anthu ambiri. Anatsika, madzi anamufika pamimba, ndipo anaima. Sindinalize wezulo, ndinangoyandikira ndi nsungwi. Anaiyang'ana nati, "Chosaniko iyo, Ba Ticha." Ndinaigoneka pansi, ngakhale kutsogolo kwake kunali mbali yakuya. Anaviika nkhope, nadzikankha. Kusambira kwake kunali koipa, kwaphokoso, madzi akuthovukira mpaka pa nsapato za Bwana Gireyi, ndipo pakati penipeni anamira mutu wonse, ine n'kuyamba kuvula malaya. Anatulukira, anakoka mpweya monga tinkachitira pa beseni, napitiriza mpaka dzanja lake lalikulu lija linamenya khoma la tsidya.

Sanatuluke msanga. Anakhala atagwira khomalo, chipumi atachitsamiritsa pa simenti, mapewa akugwedezeka, ndipo anzake anamusiya alire. Bwana Gireyi anafunsa dzina lake kuti amulembe, ndipo ndinamuuza. Dickson atatuluka anabwera kwa ine akudontha madzi, nandifunsa mtunda umene wasambirawo ngati ukanakwana tsiku lija ku damu. Ndikanatha kumunamiza kuti mtima wake upepuke, koma anali atandikhulupirira chaka chonse. Ndinamuuza kuti ukanakwana, n'kutsalako. Anagwedeza mutu, napukuta nkhope, ndipo anandifunsa kuti ophunzira atsopano afika liti, popeza ine ndikupita ndipo mabenchi afunika wowatulutsa.

Ku Ndola ndinagwira ntchito mpaka kupuma, pa udindo womwewo, ndipo inu munakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri m'malo mwa ya magetsi ija. Zimenezo ndinakulandani ndine, ndipo ndikuzidziwa. Koma bambo wina wa jekete yobwereka akanabweranso kudzandifunsa chimene ndinaphunzitsa mwana wake, ndikanakhala ndi chomuyankha. Mangalande sindinawaone, ndipo mukadzandiika m'manda musadzauze anthu kuti ndinaphonya mwayi. Mudzawauze kuti ndinaukana.